Kulabokisi Pamiyendo, Mwana kwa Eni

Ndinatseka chitseko ku Chelstone 6 koloko m'mawa, Taonga wa miyezi isanu ndi iwiri ali kumsana, m'manja kulabokisi, bokosi losungira zinthu zozizira, yobwereka kwa aneba. Amuna anga anali atagonekedwa kale m'chipatala dzulo lake. Ali ndi khansa ya m'anabele, yotchedwa limfoma, mtundu wothamanga uja. Adokotala anatifotokozera kuti kemo, mankhwala opha maselo a khansa, payekha sakwana. Amaphatikiza ndi mankhwala ena amene amakakamira pa maselo a khansa kuti asilikali a m'thupi awaone ndi kuwapha. Mankhwala achiwiriwa ndi amene ndinatumidwa kukatenga ku famase ya m'tauni.

Basi yoyamba ndinalipira K15. Pa Great East Road magalimoto anali kukwawa, ine ndikubwereza mumtima ngati pemphero malamulo a mankhwalawo: ozizira, osauma ngati ayezi, osagwedezeka. Ndili ndi setifiketi ya usekilitale, koma m'mawa umenewo malamulo atatuwa okha anandidzaza mutu.

Pafamase ndinafika cha m'ma 8. Mayi wa pakauntala anaika timabotolo pakati pa ayezi, natseka.

“Amake mwana, osatsegula panjira. Akatentha ndiye kuti aonongeka, ndipo ena abwera mwina sabata ya mawa.”

Sabata ya mawa! Chotupa cha pakhosi pa amuna anga chinali chitangoyamba kuphwa. Ndinagula vitumbuwa viwiri va K2 pakhonde, koma sindinadye. Ndikanadya ndi dzanja liti?

Basi ya ku Woodlands, yodutsa pachipatala, inali K12. Mpando wotsala unali kumbuyo kwa dalaivala, pomwe pali chitunda cha injini. Inu amene simunakwerepo, dziwani kuti m'mwezi wa Okutobala pamenepo mutha kukazingapo dzira. Kondakita analanda kulabokisi naikhazika pomwepo.

“Iyayi! Chotsani!” ndinakuwa.

“Ba sister, katundu inkhala apa. Kapena muilipilile mpando.”

“Muli ma ice block?” anafunsa bambo wina wa tayi. “Nipatseniko imodzi ya red.”

Pambali panga panali mayi wonenepa wovala yunifolomu ya chigwirizano cha amayi a mpingo. Anatambasula manja monga timachitira tonse m'basi: wina akachulukidwa, umamunyamulirako chimodzi. Iwo ankayembekeza bokosi. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinamasula chitenje n'kuwapatsa mwana, bokosi n'kulikhazika pamiyendo panga.

Anandiyang'ana, nayang'ana Taonga. “Mwasankha bwino-bwino, mwana wanga?”

“Mwana akatentha amazizira, amayi. Izi ayi.”

Ndinawauza zonse, basi yonse ikumvetsera. Wa tayi uja anati msuweni wake anachira ndi madzi a masamba a papaya. Amayi aja anamudula: “Imwe, ni nyumba yanu iyi?” Kenako anagogoda dalaivala paphewa. “Mwana wanga, pa mahampu a mumsewu uyende monga wanyamula mazira.” Ndipo anayendadi choncho. Kondakita naye anasiya kuitana anthu, akungotchinga dzuwa la pawindo ndi jekete lake.

9 koloko itadutsa tinaima pageti la chipatala. Ndinatsika, bokosi pachifuwa, n'kuyamba kuyenda mwamsangamsanga koma osaligwedeza, ngati wosenza madzi odzaza. Ndinadutsa ogulitsa nthochi. Ndinadutsa mlonda. Kumsana kunali kopepuka bwino, ndipo ndinaganiza kuti ndi mtima umene wapepuka.

Hutala inalira kumbuyo. Kenako basi yonse: “Amake mwana! Amake mwanaaa!”

Amayi aja anali atatulutsa mutu pawindo, Taonga ali m'manja mwawo akunyambita chitumbuwa changa.

“Uyu timupeleke ku Woodlands, kapena?”

Ndinabwerera. Amayi aja anatsika okha, nandibereketsa mwana, namanga chitenje mfundo ziwiri. Kondakita anati, “Ba sister, foni anthu amaiwala. Iyi ni first time.”

Mu wodi, nesi anatsegula bokosi, nakhudza kabotolo ndi kuseri kwa dzanja, nayang'ana ayezi.

“Ali bwino. Mwasamala.”

Anayamba ndi omwewo, dontho ndi dontho kwa maola angapo, akupima amuna anga kawirikawiri kuti thupi lisawakane. Kemo, wofiira mtundu wake, anabwera pambuyo. Amuna anga anandigwira dzanja.

“Mwayenda bwino, amake Taonga? Mwana sanavute?”

“Sanavute ngakhale pang'ono,” ndinatero, ndipo sindinaname.

Mankhwalawa amaperekedwa pakatha milungu itatu iliyonse, ndipo maulendo atsala anayi. Ndaphunzira kuti munthu mmodzi sanganyamule zonse, ndiponso kuti m'basi simusowa manja. Koma tsopano ndisanatsike ndimayamba ndagwira kumsana. Atate ake Taonga, ngati mukuwerenga izi, mwana wanu anangotsala pang'ono kukakhala ku Woodlands.