Majekete atatu ndi nsomba ya m'galasi

Lachiwiri lapitali ndinalongedza majekete atatu m'chikwama n'kutenga mayi anga kukaona nsomba.

Musaseke. Ndi nsomba zamoyo, tinsomba tija tofiirira ngati golide timene anthu a kuno ku Mangalande amaweta m'nyumba. Kunyumba ina yoonetsera zaluso ku Nottingham aziika m'mathanki agalasi, ena ozungulira ngati mtsuko, ena aatali ngati chipilala, n'kuziwalitsa ndi magetsi amitundumitundu. Akuti ndi luso. Munthu umalipira pakhomo kuti ukaone nsomba yoti sungadye.

Nanga majekete atatuwo? Amene munaitanitsapo mayi anu kuno mukudziwa kale, musanamizire kudabwa. Mayi amabwera pa viza ya miyezi isanu ndi umodzi kudzalera adzukulu. Miyezi imatha ali bindikiro m'nyumba. Ikatsala sabata imodzi m'pamene timadzidzimuka: kodi kumudzi akaonetsa chiyani? Ndiye timapempha tsiku limodzi kuntchito, n'kuwazunguza malo atatu, paliponse kuwasintha jekete ndi duku, kuti zithunzi zioneke ngati zinajambulidwa masiku osiyanasiyana. Nzeru imeneyi anandipatsa ndi mnzanga wa ku Evington, namwino wamkulu, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi. Ine ndinachita kuomba m'manja.

Mayi anga, a Nabanda, kwathu ku Lunzu sakhala pansi. Ali ndi benchi la tomato ndi anyezi pamsika, amaimba kwaya, ndipo maliro akagwa m'dera lathu ndiwo amagawa ntchito kwa amayi ophika. Munthu wotereyo ndi amene ndamutsekera m'nyumba ya lendi ku Braunstone, kuno ku Leicester, kuyambira Okutobala, limodzi ndi khanda komanso mwana wa zaka zinayi amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingelezi. Basi ya kuno sadziwa kukwera okha. Sindinawaphunzitse. Ndinkangoti mawa.

Tsiku limenelo ndinalinso ndi nkhani pamtima. Ndinkafuna kuwapempha kuti adzabwerenso. Popanda iwo, mashifiti anga kunyumba yosamalira okalamba sangayende, ndipo ndinaganiza kuti pempho lotere limalowa bwino munthu akakhala kuti wasangalala.

Jekete yoyamba inagwira ntchito yake pasiteshoni ya sitima. Yachiwiri pabwalo lalikulu la m'tauni. Yachitatu, yofiira, yatsopano, ndinasungira nsomba.

Titalowa, mayi sanasamale za mathanki akuluakulu aja. Anakaima pa kathanki kozungulira momwe munali nsomba imodzi yokha, yamchira wautali ngati nsalu. Imazungulira, ikafika pagalasi n'kuyasamula, kenako n'kubwerera. Ndisanazindikire, mayi anali atapisa dzanja m'kachikwama kawo n'kutulutsa banzi limene anasunga m'sitima, akufunafuna poponyera. Mayi wina woyang'anira malowo anabwera chothamanga, akumwetulira kumwetulira kuja kwa kuno, kwa mano okha.

"Akuti chiyani ameneyu?" mayi anandifunsa.

"Akuti n'zoletsedwa, amayi. Zili ndi ozidyetsa ake, pa nthawi yake."

"Tamufunsa, zimatuluka liti m'menemu?"

Ndinafunsa. Woyang'anirayo anati sizituluka, koma tisadandaule: madzi ndi oyera, ndi otentha bwino, chakudya chilipo, sizisowa kanthu. Ndinamasulira liwu ndi liwu, ndipo ndili mkati momasulira khutu langa linamva. Amenewa ndi mawu enieni amene ndimauza achimwene akaimba foni kuchokera kumudzi. Amayi ali bwino, hita ilipo, chakudya chilipo, sakusowa kanthu.

Manyazi ndinawameza. Ndinatulutsa jekete yofiira ija.

"Amayi, tavalani iyi tijambule, kenako ndisende pagulu la abale la pafoni lija. Kuwalaku kuli bho."

Anayang'ana jeketeyo, n'kundiyang'ana ine.

"Iwe Tamanda, ndavala ziwiri, zakwana. Jambula nsombayo utumize. Ukawauze kuti ndi ine, sukhala utanama."

Anatembenukiranso kugalasi kuja, n'kuwonjezera motsitsa mawu: "Komatu iyi ndi yamwayi. Taona anthu onsewa abwera kudzaiona."

Abale, zinandipweteka, ndipo mpaka lero zikundipweteka. Koma chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti sindili ndekha, tilipo ambiri, ndipo tonse tili ndi pakamwa pakuthwa.

Kuntchito ine ndimalemba m'buku ngati gogo wachizungu watuluka kukawothera dzuwa, ngati wacheza ndi munthu, ngati waseka. Akatha sabata osatuluka, abwana amandiitana kuti ndifotokoze. Tikakhala pa tiyi ife Amalawi timagwedeza mitu, kunyoza ana a kuno amene amabwera kudzaona makolo awo pa Khirisimasi pokha. "Ife kwathu sititaya makolo," timatero, chifuwa chili patsogolo. Zoona? Ife sitiwataya, inde. Timawakweza ndege, kuwapatsa makiyi a nyumba imene sadziwa kopita akaitseka, n'kumati tawachitira ulemu.

Mu Januwale mnzawo wa pamsika, amene anakhala naye benchi limodzi kuyambira ine ndili wakhanda, anamwalira. Mayi anamvera nyimbo za maliro pafoni ataima pawindo, mdzukulu ali kumbuyo. Ine ndinati pepani, n'kuthamangira basi.

Ndikudziwa zimene mundiuze. Kusiya mwana kosungira ana kuno n'kodula, mashifiti sadziwa Sabata, moyo wa kuno ndi wothamanga. Zonsezo n'zoona, ndipo nanenso ndazinena mpaka kukhosi kuuma. Koma kuphunzitsa munthu nambala ya basi kumafuna masiku angati? Misewu itatu kuchokera kwathu kuli mayi wina wa ku Ntcheu, naye anabwera kudzalera, naye ali pawindo. Ine ndi mwana wake timakumana kuntchito pafupifupi tsiku lililonse. Miyezi isanu yatha, palibe wa ife anaganiza zowakumanitsa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ife tikudikira kuti mame akamuke, bola zithunzi zatsala.

Mwina mukuganiza kuti pempho lija ndinalisiya. Ayi. Musandiyese wabwino. M'sitima pobwerera ku Leicester ndinalankhulabe, maso ali pansi.

"Amayi, ndimati mwina chaka chamawa ndikubukitsireninso tikiti. Manijala wakana kundichepetsera mashifiti."

Ndinkayembekezera kuti akana, ndipo mumtima ndinali nditakonza kale zowanyengerera.

"Ndidzabwera," anatero. "Anawo ndi anga, ndingakane bwanji? Koma udzandigulire nsomba imodzi ngati ija. Ukamapita kushifiti kwakoko, tizidzayang'anana."

Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke.

Anyamuka Loweruka likubwerali. Pagulu la abale ndinatumiza zithunzi ziwiri, ndipo kumudzi akuti amayi anenepa, akudyerera ku Mangalande. Jekete yofiira ikadali m'chikwama, kapepala ka mtengo kakulendewera pamkono.

Inu amene mayi anu ali pawindo pamene mukuwerenga izi, mwawasungira majekete angati?