Chiyao cha Atate

Nkhondo itafika ku Lione, atate anathawira kwa ine m'tauni, kudera lotchedwa Chiuaula. Anabwera okha, amayi anali atamwalira kale. Ku Lione ankalima chimanga ndi mbatatesi, koma m'tauni analibe chochita. Ankangokhala pakhonde atafunda bulangete, ndipo posakhalitsa anayamba kuiwalaiwala. Tsiku lina anandifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Pafupi nafe panali telala wachikulire, Msilamu wochokera kunyanja, amene ankakonda kulankhula Chiyao. Anawaitana atate kuti azikakhala pambali pa makina ake. Atate sankadziwa Chiyao, choncho telalayo anayamba kuwaphunzitsa mongocheza. Ankanyamula singano, ulusi kapena nsalu n'kutchula dzina lake, atate n'kumabwereza. Akalakwitsa, onse awiri ankaseka mpaka kutsokomola.

Patapita miyezi, ndinaona kusintha. Atate ankadzuka okha, kusamba, n'kumandifunsa mawu amene anawavuta dzulo lake. Anayambanso kukumbukira mayina a adzukulu awo.

Kenako kuntchito kwanga anandipatsa nyumba ku Sanjala, dera lina la m'tauni momwemo, ya simenti, ya mpopi panja. M'nthawi imeneyo palibe amene akanaikana.

"Nanga mnzanga uja?" anafunsa atate tikulongedza katundu.

"Ndizikupititsani, atate. Si kutali."

Ndinkanena zoona, koma masiku anga ankathera kuntchito ndi pamzere wogulira ufa ndi sopo. Miyendo yawo sinkawalola kuyenda okha. Ndinawaperekeza kangapo, kenako ndinkangoti mawa. Iwo sanadandaule. Anangosiya kufunsa.

Ku Sanjala anali ndi chipinda chawochawo chosadontha, ndipo ndinkadziuza kuti ndawachitira zabwino. Koma anayamba kukhala chete. Ankayang'ana khoma tsiku lonse, chakudya n'kuzizira m'mbale. Kuchipatala anandiuza kuti ndi ukalamba, palibe mankhwala. Mwina zinali choncho. Mwina tikanakhala ku Chiuaula akanadwalabe chimodzimodzi. Sindidziwa, ndipo kusadziwako sikunandipatse mtendere.

Anamwalira m'nyengo yozizira. Telala uja atamva uthenga, anafunsira njira kwa anthu n'kubwera kumaliro wapansi, akutsimphina. Anthu atabalalika, anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, sindinkadziwa nyumba yanu. Mukanandilozera njira, bwenzi ndikubwera ndekha."

Panalibe mkwiyo m'mawu ake. Ndinamuperekeza mpaka kumsewu, ndipo tinayenda pang'onopang'ono.