Wa Duku Lofiira Ndine

Uthenga unandipeza pabwalo, ndikupuntha nyemba. Foni inalira m'chiuno momwe ndimaimangirira, ine ndodo uko. Anali mdzukulu wanga wamkazi, amene anapita ku Mzuzu kukaphunzira kujambula zithunzi zoyenda pa kompyuta, zimene ana amati makatuni.

"Agogo, khalani pansi kaye!"

"Ndikhale pansi, nyembazi apunthe ndani? Yankhula iwe."

"Katuni yathu ija aisankha! A zaumoyo ayenda nayo m'masukulu, ndipo ayambira sukulu ya kwathu konko, Lachisanu likudzali."

Ndinavina pa makoko a nyemba, ine, ndinavina. Nkhuku zinabalalika, ine ndikuvina. Koma nthungululu sindinaimbe. Dzanja linapita lokha pakamwa, monga linazolowera kuyambira utsikana wanga.

Ine ndinabadwa ndi mawu aakulu. Aakulu chomene, apansi, onga a bambo amene wangodzuka kumene. Mlendo akaodira ine ndili m'nyumba, ndikangoti "lowani", ankavula chipewa n'kunena kuti, "Yewo, adada," kuyesa wamuyankha ndi bambo. Ndili mtsikana ndinalowa kwaya ya kutchalitchi. Woimbitsa anali mphunzitsi wachinyamata, wa tayi. Anandimvetsera kamodzi kokha, n'kunena pamaso pa anzanga kuti, "Iwe uziima kumbuyo, uzingogwedeza milomo. Besi ndi ya amuna." Ndinagwedeza milomo, ine. Ndinagwedeza pa ukwati wanga, ndinagwedeza pa ubatizo wa ana anga asanu ndi mmodzi, ndinagwedeza pa maliro a amuna anga. Nyimbo zonse ndinkazidziwa, koma zinkatulukira kumunda. Chimanga chokha ndicho chinkandimva.

Kumunda komweko ndi kumene mdzukuluyo anandigwira, atabwera patchuthi. Anaima kumbuyo kwa chulu, ine osadziwa, ndikuimba mmene ndimaimbira ndikakhala ndekha. Anatulukira maso ali gwa. Akuti ankajambula munthu wophunzitsa ana kusamba m'manja, ndipo mawu amene ankawasowa ndi amenewa. Ndinakana, anakakamira. Ndinakana, anandiphikira tiyi. Mawa lake masana anandilowetsa m'chigafa cha fodya, n'kundifunditsa bulangete kumutu kuti kulira kwa tambala kusalowe mufoni. Thukuta lili chuchuchu, ndinaimba kanyimbo kamene tinapeka awiri: sopo saluma, sopo saluma, samba m'manja usanadye, mwana iwe. Nditatuluka ndinamulumbiritsa. Usauze munthu. Ngakhale amako, usawauze.

Munthu amene anajambula anali wamfupi, wojintcha, wa duku lofiira, chitenje m'chiuno, buluku likusuzumira pansi pa chitenje, majombo a mphira, ali pa njinga. Mmene ndimavalira popita kudimba mphepo ya ku Nyika ikamatsika. Koma amayi ambiri kuno timavala choncho, ndiye palibe amene anandiganizira.

Kadutswa ka katuniyo kanayamba kuyenda m'mafoni Lachisanu lisanafike. Lolemba ndinapita kuchigayo ku Katowo, ndipo ndinapeza anthu aunjikana pa foni imodzi, matumba awaiwala pamzere.

"Ameneyu ndi mwamuna, tamverani mawuwo."

"Mwamuna wa kuti womanga duku?"

"Nanga mkazi wa kuti wolira ngati thirakitala?"

Mwini chigayo, ufa uli mbuu mpaka m'zikope, anakuwa ali kuseri kwa makina. "Ine mungondiuza msanga! Ngati ndi mkazi ndikamufunsire, ngati ndi mwamuna abwere andithandize kunyamula matumbawa."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira khoma. Mlamu wanga, mlongo wa malemu amuna anga, mayi wa pakamwa posatseka, ananditembenukira. "Alamu, mwangoti duu bwanji? Wajambula ndi mdzukulu wanu. Tiuzeni, chinthuchi n'chachimuna kapena n'chachikazi?"

"Nkhumanya yayi," ndinakana m'Chitumbuka chathu kuti sindikudziwa, ndi kamawu kaja kamene ndimafinya pakhosi ndikakhala pa anthu.

Zikanathera pa kuseka, bwenzi ndilibe cholemba. Koma foni ina inafika m'manja mwa wapampando wa komiti ya sukulu. Wapampandoyo ndi woimbitsa kwaya yemwe uja, lero wa imvi, wopuma pa ntchito, mkulu wa mpingo, tayi ikadali pakhosi. Iwo sanaseke. Anati izi ndi zakunja zija timamva, mwamuna kuvala zachikazi, kuphunzitsa ana kuti mnyamata akhoza kusanduka mtsikana. Anati mwana wathuyu wakazitola kutauni. Analembera kalata aphunzitsi aakulu kuti chinthuchi chisalowe pasukulu. Anaimbiranso mdzukulu wanga kuti abweretse mwamuna amene anayankhulamo, anthu amuone. Mwanayo anangoti, "Adada, ndinalonjeza, sindingatchule."

Lachitatu anandiimbira. Mawu ake anali atachepa. Akuti a zaumoyo amuuza kuti sukulu ya kwawo kwenikweni ikakana, iwo sangaumirize masukulu ena, aika katuniyo pambali. Akuti amake sakupitanso kumsika, anthu akuwaloza. Ndinadikira kuti anene kuti agogo ndimasuleni. Sananene. Anangofunsa ngati bondo langa lasiya kupweteka. Akanandipempha, mwina ndikanamukalipira n'kumva bwino. Koma sanandipemphe, mwana uyu, sanandipemphe.

Msonkhano wa makolo unali Lachinayi m'mawa, m'kalasi ya Sitandade 8. Ndinamanga duku langa lofiira. Ndinavala buluku la malemu, chitenje pamwamba, majombo kumapazi. Njinga ndinaitsamiritsa pakhomo penipeni. Anthu anandiona, koma maso awo anali pa nkhani, sanaone kanthu. Tinadzipanikiza m'madesiki a ana, mawondo akugunda matabwa.

Aphunzitsi aakulu ndi mayi wochokera ku Dedza, Chitumbuka chawo n'cha moni basi, ndiye msonkhano unayenda m'Chichewa chathu chosakaniza. Anatsegula kompyuta yawo patebulo, wa duku lofiira n'kutulukira pa njinga yake. Asanathe n'komwe vesi yoyamba, wapampando anati aimitse. Anapita kutsogolo, cholembera m'manja, n'kumaloza pagalasi ngati akuphunzitsa mapu.

"Onani apa. Ndolo palibe. Buluku ilo. Pachifuwa palibe kanthu."

Mayi wina wa mwana kumsana anayankha ali kumbuyo. "Pachifuwa mukufunapo chiyani, adada, pa nkhani ya sopo?"

Kalasi inaphulika. Wapampando anadikira phokoso lithe, anakonza tayi. "Sekani. Koma ine ndaimbitsa kwaya kuyambira ambiri a inu musanabadwe. Khutu langa silinama. Palibe mkazi pansi pano amene angatulutse mawu amenewa. Palibe."

Ndinaimirira. Desiki inandigwira m'chiuno, ndinaikankha. Bondo linalira, ndinalisiya lilire. Dzanja linanyamuka kupita pakamwa, ndinalibweza, n'kulimangirira kumbuyo ndi linzake. Sindinapemphe mwayi woyankhula. Ndinangotsegula pakamwa, ndinatsegula ponse, n'kuyambira pomwe anaimitsira.

Sopo saluma, sopo saluma, samba m'manja usanadye, mwana iwe.

Malata anayankha, mwe. Malata a kalasi anayankha. Ndinaimba vesi yoyamba, ndinaimba yachiwiri, ndinabwereza yoyamba chifukwa inkandikoma. Nditasiya, mwana wa kumsana uja ankandiyang'ana osaphethira. Anthu anayang'ana duku la pagalasi, anayang'ana duku langa, anatsitsa maso ku majombo.

Mlamu wanga ndiye anayamba. "Mayo ine, alamu! Zaka zonsezi mumaweta ng'ombe pakhosi, ife osatiuza?"

Wapampando sanagwe msanga, ndiwayamikire pamenepo. Anatsokomola pang'ono. "Chabwino, mama, tamva. Ndi inu. Komabe ana asokonezeka. Mdzukulu wanuyo akajambulenso, aikemo mawu aang'ono, oyenera munthu wamayi. Akatero tilola."

Apo ndiye ndinayankhula, ndi mawu anga enieni, osafinya.

"Adada, munanditseka pakamwa ndili mtsikana, ndipo ndinamvera. Lero mano atsala ochepa, simutsekanso. Ana asanu ndi mmodzi ndinawatonthoza ndi mawu omwewa, palibe anasokonezeka n'kunditcha bambo. Amuna anga anandifunsira atandimva ndikukalipira mbuzi, sanasokonezeke. Amene anandipatsa mawuwa sanafunse komiti. Duku silichoka, buluku silichoka, mawu sachoka. Mukafuna kuletsa, letsani ine pamaso panga, mwana wa ku Mzuzu mumusiye."

Aphunzitsi aakulu ankaluma mlomo kuti asaseke. Anati amene akufuna katuniyi ionetsedwe mmene ilili akweze dzanja. Amayi anakweza, ena manja awiri. Abambo anayamba ayang'anana kaye, kenako mmodzi, kenako wina, kenako ambiri. Ena ochepa anakhala chipindire manja, ndi ufulu wawo. Wapampando anatenga kalata yawo patebulo, anaipinda kanayi, n'kuiika m'thumba la jekete.

Lachisanu a zaumoyo anabwera ndi galimoto, anapachika nsalu yoyera m'kalasi, anatseka mawindo ndi zitenje. Ine anandikhazika pampando kutsogolo. Poweruka ana anatsika msewu akuimba sopo saluma, aliyense akukokera chibwano pansi kuti mawu akule. Atsikana ndiwo ankalimbikira kwambiri. Ndinamva kuti kumisika yakutali ena akukanganabe, wina ati mwamuna, wina ati mkazi. Akangane. M'manja akusamba.

Loweruka mdzukulu anakwera minibasi mpaka pa Boma, pa Boma n'kukwera pikapu. Atatsika pamsewu wathu, chikwama kumsana, ndinamuona ndili pabwalo lomwe lija la nyemba. Dzanja silinapite pakamwa. Ndinaimba nthungululu, yanga, yaikulu, yapansi, yoti agalu a tsidya anayankha. Anthu anamva n'kuyamba kubwera okha, osaitanidwa.

Sukulu yanga inathera Sitandade 2, cholembera chimandilemera kuposa khasu, koma amene anabwera ndiwalemba onse, asasowe ndi mmodzi yemwe. Anabwera mdzukulu wanga wojambula, wosunga lonjezo. Anabwera amake, mutu uli m'mwamba, atadzera dala pakati pa msika. Anabwera mlamu wanga, ndi nkhuku m'khwapa, akuti ya ng'ombe yapakhosi. Anabwera aphunzitsi aakulu a ku Dedza, n'kuphunzira kunena "yewo chomene" molondola. Anabwera mayi wa mwana kumsana uja, ndi mwana wake wosaphethira. Anabwera mwini chigayo atasamba, akuti zofunsira wazisiya poti akuopa kukalipiridwa, mudzi wonse ungamve. Anabwera amayi atatu a kudimba, onse m'mabuluku ndi majombo. Anabwera abambo awiri oimba besi kukwaya, kudzafunsa ngati ndimatsika kuposa iwo, ndipo ndinatsika. Anabwera atsikana a Sitandade 8, zibwano pansi. Wapampando sanabwere. Anabwera akazi awo, ndi mbale ya mtedza, n'kundinong'oneza kuti Lamulungu kutchalitchi ndikhale pafupi nawo, kutsogolo, mbali ya amayi. Ndipo panali ine, wa duku lofiira, pakamwa pali yasa.