Manja a Che Jafali

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pa bawo ku Matawale, ndili pakati potukwanizana ndi munthu amene ankabisa nthanga m'manja. Sukulu ndinaisiyira Fomu 1, ndipo masitiroberi amene ndinkagulitsa pamsewu wa kuphiri sankandidyetsa. Mdala wina wa magalasi akuda anandikoka malaya. "Maso uli nawo iwe, vuto ndi pakamwapo. Ntchito ukuifuna?"

Anali Che Jafali, katswiri wa tchesi amene pa unyamata wawo anakasewerapo mpaka kunja kwa dziko. Shuga anawadya maso, koma bolodi yonse inkakhala m'mutu mwawo. Ine ndinakhala manja awo. Iwo atchule, ine ndisunthe, ndidinde batani la wotchi, kenako ndiwauze zimene mnzawo wayendetsa. Kupitirira apo, zii. Pa bawo timakuwa, timanyozana, koma kuno ngakhale kutsokomola amakuyang'ana. Lamulo lalikulu anandilowezetsa ngati nyimbo: chimene wagwira, uyendetse chomwecho.

Tsiku lovuta linali mpikisano wa muholo ina m'tauni. Wopambana gemu yomaliza ndiye ankapita kukasewera ndi akatswiri a dziko lonse, ndipo Che Jafali anali atanena kuti ulendo umenewu ndi wawo wotsiriza. Anakumana ndi bambo wina wa tayi. Gemu itafika potentha, bamboyo anagwira mfumukazi yake, kuinyamula ndithu, n'kuzindikira kuti kulikonse ingatere iwonongeka. Anaibweza mwakachetechete. Anayang'ana magalasi akuda aja, kenako ine, n'kunditsinzinira diso. Basi wasuntha msilikali.

Ndinamenya tebulo. "Bwana, ndi tayi yanuyo mukubera munthu wosaona?"

Zosewerera zonse mbwee pansi. Woweruza anathamangira pomwepo. Bambo uja anakana, ndipo anthu amene anaimirira kumbuyo kwathu, amene anaona bwinobwino, onse anagwetsa maso pansi. Che Jafali anatchula pamene panali chilichonse mpaka bolodi inabwerera mwakale, koma za kugwira kuja mboni panalibe.

"Gemu ipitirire," anatero woweruza. "Mnyamatayu atuluke. Che Jafali, tikupatsani wina wokuthandizani mwa awa."

Mdala anapapasa ndodo yawo n'kuimirira. "Mwa awa? Manja oti aona kuba n'kukhala chete ine sindiwafuna." Anandigwira paphewa, tinatuluka, gemu n'kupita kwa wa tayi.

Panja sanandinyengerere. "Galu iwe, wandidyera ulendo wanga."

"Ndiye ndikanakhala chete, Che Jafali?"

"Ndani wati chete? Ukanaimitsa wotchi, n'kuitana woweruza dzanja lake lisanachoke pabolodi. Wotchi kaye, pakamwa pambuyo."

Ku mpikisano waukulu uja sanapitekodi. Mpaka lero alipo a tchesi mu Zomba muno amene amati ine ndinaphera mdala mwayi, akuti tchesi si ya osaphunzira. Alankhule. Iwowo ndi masatifiketi awo anaona, osatsegula pakamwa. Ine ndikadali manja a Che Jafali, ndipo masiku ano dzanja langa lamanzere silichoka pafupi ndi wotchi. Kaya mwavala tayi kaya jekete, gwirani mfumukazi n'kuisiya, muone ngati ndinasiya kukuwa.