Nsato Yobiriwira ya M'bala mwa a Tayi

Achimwene anga ntchito yawo ndi yodula magalasi. Kashopu kawo kali pakati pa mmisiri wa njinga ndi mayi wosoka makatani, ndipo ukalowamo uyenera kuyenda chammbali ngati nkhanu, apo ayi ubwerera kwanu chigongono chikuchucha magazi. Amadula magalasi a mawindo, a makabati, a mafelemu a zithunzi. Koma mukafunsa anthu a mumsewuwo, za magalasi sangakuuzeni. Amangoti, "Aja a njoka?"

Kuseri kwa nyumba yawo kuli kachipinda kodzaza mabokosi agalasi opanga okha. Njoka zambiri za m'menemo nzopanda ululu, ndipo zina anazilanditsa kwa anthu amene anali atatola kale miyala. Anayamba tili ana. Bambo anawakwapula, mayi anawapempherera, onse awiri anatopa. Alamu anavomera ukwati pa pangano limodzi: kachipindako kazikhala kokhoma, ndipo makoswe odyetsera njoka asadzapezeke m'firiji mwawo ngakhale atavala jekete.

Osunga njoka ali ngati okonda magalimoto, aliyense ali ndi yake imene amailota. Anzawo akakumana pashopupo Loweruka masana, nkhani imakhala yomweyo. Wina, dalaivala wa lole, amafuna nsato yoyera ngati mkaka. Wina, mphunzitsi wopuma, amafuna mamba, koma akazi awo anati ikadzalowera pakhomo iwo adzatulukira pawindo. Achimwene ankafuna imodzi yokha: kansato kobiriwira ka m'nkhalango za kutsidya kwa nyanja, kamene kamakhala panthambi katadzipinda bwinobwino, mutu pakati, ngati chingwe chimene munthu waudongo wakoleka pamsomali.

"Imaswedwa ili yachikasu, kubiriwira kumabwera ikamakula," ankatero. "Ndipo sifuna zambiri. Nthambi, chinyezi, kutentha pang'ono, ndi kuisiya yokha."

Ankadziwa kuti thumba lawo silingafike pamenepo. Ankaikamba monga munthu amakambira dziko limene sadzapondako, osadandaula.

Ndiye kunabwera a Tayi. Timawatchula choncho chifukwa ngakhale kutenthe bwanji, tayi samasula. Ali ndi bala yaikulu pamsewu waukulu, ya nyimbo zonjenjemeretsa mawindo a oyandikana nawo. Anaimika galimoto pakhomo pa mayi wa makatani, kutsekereratu njira, nalowa m'shopumo foni ili kukhutu. Ine ndinali pomwepo, ndinali nditabweretsa galasi losweka la kabati yanga.

"Ndamva mumapanga mabokosi a njoka," anatero a Tayi atadula foni. "Ndaitanitsa kanthu kuchokera kunja. Ndikufuna bokosi lalikulu loti likakhale pakauntala."

Anatembenuza foni kuti achimwene aone chithunzi. Inali nsato yobiriwira ija. Achimwene anapukuta manja pa ovolosi asanagwire foniyo, ngati akulandira khanda.

"Bwana, njoka imeneyi sikonda phokoso," anatero motsitsa mawu. "Kugunda kwa masipika imakumva m'thupi monse. Imafuna chipinda chabata."

"Ndikanafuna chogona m'chipinda ndikanagula matiresi. Ndagula kuti anthu aione. Mupanga kapena ndipite kwina?"

Anapanga. Anaboola timabowo ta mpweya, anasankha nthambi yosalala, anaika babu yofunditsa, ndipo mbali ziwiri anaziphimba ndi matabwa kuti njokayo izikhala ndi pobisala. Tsiku lokaika bokosilo, a Tayi analamula kuti matabwawo azulidwe, ati amatchinga makasitomala a kumbali ya chitseko.

Ine mowa sindimwa, koma tsiku lina poweruka kuntchito ndinaperekeza achimwene kukaiona. Dzuwa linali lisanalowe koma m'balamo munali mutadzaza kale. Bokosi lija linali pakati pa masipika awiri, magetsi ofiira ndi abuluu akuphethira pamwamba pake. Njokayo inali panthambi, yokongola kuposa pachithunzi, yobiriwira ngati tsamba limene langophuka, timadontho toyera pamsana. Bambo wina ankagogoda galasi ndi botolo kuti isunthe. Itakana kusuntha, anzake anayamba kumenya ndi zikhato. Anali ataipatsa dzina loti Madamu. Mtsikana woperekera zakumwa anatinong'oneza kuti Lachisanu lililonse amaitulutsa kuti anthu azijambulitsa itakolekedwa m'khosi, ndipo wina anathira mowa m'mbale yake ya madzi kuti aone ngati ingavine.

Achimwene anaima patsogolo pa bokosilo, manja kumbuyo. Ine ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Munthu amene anailota njoka imeneyi kuyambira ali mnyamata anali ataima pamzere umodzi ndi oledzera, kuisuzumira pakati pa mapewa awo.

Anabwererako kangapo kukachonderera. Anapempha kuti bokosilo lisunthidwe kutali ndi masipika, anapempha kuti aziloledwa kubwera m'mawa kudzawaza madzi. A Tayi atatopa nawo, anauza mlonda wa pageti kuti munthu wa ovolosi uja asamalowe, akuthawitsa makasitomala ndi nkhope yamaliro. Achimwene anapita kuofesi yoona za nyama. Kumeneko anawauza kuti njokayo inalowa m'dziko mwalamulo, ndipo za masipika si za ofesi yawo.

Patapita miyezi ingapo, m'mawa wina dalaivala wa a Tayi anafika pashopu ndi katoni ya mowa yomanga ndi chingwe.

"Abwana akuti mumaifuna kwambiri, ndiye itengeni. Siikuonekanso bwino pakauntala."

Mkatimo munali njoka ija, yowonda moti msana unkaoneka ngati mpeni, kukamwa kuli yasa, mamina akutuluka m'mphuno. Ikamapuma inkalira kamluzu. Umu ndi mmene loto la achimwene linafikira pakhomo pawo, m'katoni yonunkha mowa.

Anatseka shopu nthawi yomweyo. Anapita nayo kwa dokotala wa ziweto, amene anapukusa mutu koma anaperekabe mankhwala obaya. Alamu, amene chikwatiwire anali asanapondemo m'kachipinda kaja, anatsegula okha chitseko, nayamba kuwiritsa madzi kuti nthunzi ithandize njokayo kupuma. Pobaya jakisoni ndiwo ankagwira mchira, maso atatsinzina, milomo ikupemphera.

"Sindikuchitira njoka," anandiuza. "Ndikuchitira bambo a m'nyumba muno. Asiya kudya."

Njokayo inakhala ndi moyo masabata ochepa. Tsiku lina inakwera nthambi yokha n'kudzipinda monga mwa mtundu wake, ndipo achimwene anandiimbira foni ndili kuntchito kuti ndibwere ndidzaone. Ndinafika itatsika kale. Inafa Lamulungu m'mawa, tikumwa tiyi. Achimwene anaikulunga m'chidutswa cha katani chimene mayi wa pafupi uja anawapatsa, naikwirira kuseri kwa kachipindako.

Mukuganiza a Tayi anachita manyazi? Anayamba kuuza aliyense wokhala pakauntala kuti anapereka Madamu kwa katswiri kuti akaipime, katswiriyo n'kuipha. Nkhaniyo inayenda mpaka inafika kwa mmisiri wa njinga, amene anafunsa achimwene ngati n'zoona. Mwezi usanathe galimoto lija linaimanso pakhomo pa mayi wa makatani. A Tayi anali ataitanitsa ina, ndipo bokosi linali litang'aluka pakona pamene wina anamenya ndi botolo.

Achimwene anavomera kukalikonza.

Nditamva, ndinapita kushopu osadutsira kwathu. "Achimwene, munthu amene wakuipitsirani dzina, mukamukonzere bokosi lophera ina?"

Anapitiriza kulemba mzere pagalasi, kenako anathyola, galasilo n'kugawika bwinobwino. "Ndikakana ine, apita kwa wina wongomata magalasi anayi, wopanda ngakhale bowo la mpweya. Njokayo ili kale m'njira, mlongo wanga. Sibwerera chifukwa ine ndakwiya."

"Ndiye muzingowerama choncho?"

"Ndawauza kuti sindigwira bokosilo pokhapokha litachoka pamasipika, ndipo ndizilowa m'mawa. Za masipika akana. Za m'mawa avomera."

Sindinawayankhule kwa masiku ambiri. Alamu nawonso ankawaikira chakudya patebulo mwakachetechete, mbale ikulira kuposa pakamwa.

Masiku ano, m'mawa uliwonse asanatsegule shopu, achimwene amakwera njinga kupita kubala kuja ndi kabotolo kowazira madzi m'thumba la ovolosi. Amalowera khomo la kuseri, pamene amatayira mabotolo, ndipo mlonda amawadikiritsa panja mpaka okolopa atamaliza. Amasintha madzi a m'mbale, amapukuta zidindo za zala pagalasi, amaphimba bokosilo ndi nsalu kuti njokayo ipumeko mpaka masana. Yatsopanoyo idakali yachikasu. Akuti yadyapo kawiri, ndipo amanena zimenezi ngati nkhani yabwino. Ine ndikamadutsa pamsewu waukulu ndimawolokera tsidya lina, chifukwa ndikadzakumana ndi a Tayi maso ndi maso, sindikudziwa chimene ndidzachite ndi tayi yawoyo.