Kanyumba ka amayi akukana kukalumikiza ku suweji

Moni nonse.

Ndangochoka kukhonsolo, mtima suli m'malo. Kanyumba tamangira amayi kuseri kwathu, kuno kutsidya kwa nyanja, kufupi ndi mzinda wa Oshawa, katha. Koma akuti anaimitsa kulumikiza nyumba zatsopano ku suweji, mapaipi adzadza. Popanda zimenezo munthu saloledwa kugonamo.

Ndawachonderera kuti atiganizire, ndi munthu mmodzi yekha, wachikulirenso. Akuti komiti ikambirana, tsiku sakulidziwa.

Chimbudzi chili mbee, amuna anga anaikamo ndi chogwirira chifukwa cha maondo a amayi aja, koma paipi yake yangothera m'dothi.

Ndawaimbira amayi ku Dedza, akungoseka: "Mkamwini wangayo alibe khasu? Akumbe kuseriko!" Kuno? Aneba angatiitanire apolisi.

Achimwene, tisinthe tikiti ya ndege ya amayi kapena tidikire? Mbuzi agulitsa kale, kumpingonso atsanzika.