Nandolo Wosalawidwa

Fungo la nandolo wowira pamsika wa Migowi lero landibwezera kwathu ku Nkhulambe.

Amayi anali chigonere masiku atatu ndi malungo, bambo ali ku Mozambiki, ana atatufe tikungotafuna chinangwa chachiwisi. Masana kunabwera mayi woyandikana nafe, amene ankalimbirana ndi amayi malire a munda. Anatula mbale ya nandolo pamkeka, n'kuchoka osalawako.

"Musakhudze!" anatero amayi, akudzuka movutikira. "Wobweretsa chakudya amayamba walawa yekha."

Anatapako pang'ono n'kuponyera nkhuku yathu. Tonse maso anali pankhukuyo, m'mimba mukulira. Inajompha, n'kuima, n'kupendeketsa mutu.

"Amayi, ikapanda kufa tidya?" kanafunsa kachitsiriza kathu, nandolo ali kale m'kamwa.